Mpando wa Tusekele

Kamakina kankalira pang'onopang'ono, tche, tche, tche, ngati madzi odontha kudenga mvula itakata. Joan ankayenda nako m'mbali mwa benchi yaitali imene alendo anaunjikapo zikwama ndi majekete. Anthu pafupifupi zana anangoti zii, matambula ali m'manja, pakuti aliyense pamenepo ankadziwa tanthauzo la kulira kumeneko. Kuseri kwa mitengo mkango unkabuula.

Unali mwezi wa Okutobala, chaka cha 2004. Akatswiri a zanyukiliya anali ndi msonkhano wa masiku atatu ku Indianapolis, ndipo madzulo a tsiku lachiwiri anawakonzera phwando kumalo osungirako nyama zakutchire, anthu wamba atatuluka. Panali matenti awiri, nyali zoyera zokoloweka m'mitengo, ndi fungo la nyama yowotcha losakanikirana ndi la ndowe za njovu. Joan, mayi wogulitsa makina oyezera radiyeshoni, anayala katundu wake patebulo loyandikana ndi la chakudya. Anabweretsanso kachitsulo ka sesiyamu kotulutsa radiyeshoni pang'ono, kakang'ono ngati batani la malaya, koyesera ngati makinawo akugwira ntchito. Kankakhala m'kabokosi ka mtovu. Itakwana twente tu eyiti anatsegula kabokosiko n'kupeza mulibe kanthu.

Evelina anaima kumbuyo kwa gululo, manja ali m'matumba a jekete. Ntchito yake pachipatala china ku South Bend inali yoonetsetsa kuti radiyeshoni isavulaze odwala ndi anamwino, choncho ankadziwa kuti kachitsulo kotero n'kofooka, sikangaphe ngakhale mbewa. Koma ankadziwanso zaka zimene ankakhalamo. Panali patangodutsa zaka zitatu chigwere nsanja za ku New York. Masiku amenewo, dzina la mlendo ndi mawu akuti sesiyamu zikakumana papepala limodzi, munthu ankatha kuchoka m'dziko osatsanzika ana ake.

Tche, tchetche, tchetchetche. Kenako kamakinako kanayamba kulira mosalekeza ngati nyenje. Joan anaima. Patsogolo pake panali chikwama chabuluu, chosokerera kambendera ka Malawi palamba.

Evelina anachizindikira. Dzulo lake m'mawa anachiika yekha kubuti ya galimoto yake.

"Ambuye," anatero mumtima, koma sanapitirize.

Nthawi yomweyo Mervin, mwini chikwamacho, anatulukira m'kanjira kamdima kochokera kunyumba ya mileme. Ankamwetulira, akupukuta magalasi ake. Atawavala anaona nkhope zana zikumuyang'ana.

* * *

Wapolisi amene analonda phwandolo anali Dixon, bambo wamkulu thupi, wosapupuluma. Anatseketsa zipata, anazunguliza benchi ndi tepi yachikasu, ndipo analamula kuti chikwamacho chisakhudzidwe. Mervin anamukhazika m'kaofesi koyandikana ndi shopu ya zidole. Evelina atamuonetsa baji yake ya kuchipatala, Dixon anangofunsa ngati chinthucho chingamudwalitse iyeyo. Atamva kuti ayi, anapumira m'mwamba. Anati waimbira anthu a boma lalikulu, afika pakatha mphindi makumi anayi, ndipo akafika iye sadzakhalanso ndi mawu. Mpaka nthawi imeneyo mayiyo atha kufunsa amene akufuna, bola asagwire kanthu.

M'kaofesimo munali zidole za anyani zimene zinasowa malo m'shopu, zoposa makumi atatu, zonse zitayang'ana kukhomo. Mervin anakhala pakati pake, manja ali pamaondo. Anali mnyamata wa ku Dedza, wazaka makumi atatu, wogwira ntchito pakampani yaing'ono yowerengetsa makulidwe a makoma otchinga radiyeshoni. Ntchito yake yonse inali ya pakompyuta. Ku South Bend ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi Evelina, ndipo mkazi wake Upile anali kunyumba ndi khanda la miyezi inayi.

"Anti, andidipota."

"Unali kuti seveni koloko?"

Anati anali kunyumba ya mileme. Anthu onse atathamangira kukaona mkango ukudya, iye anafuna malo abata. Anakhalamo yekha kuposa theka la ola. Palibe anamuona, kupatula milemeyo. Chikwama anachisiya pabenchi hafu sikisi.

Evelina anamufunsa ngati kachitsuloko anakagwirapo. Mervin anawerama. Anati atangofika, Joan anamupatsa kuti akaone, ndipo iye anakalandira ndi manja awiri monga mmene munthu amalandirira chinthu kwa wamkulu. Anthu anaseka. Mmodzi anamudzudzula kuti zinthu zotere sagwira ndi khungu. Tsono zala zake zinalipo pakachitsuloko, ndipo anthu khumi anaona.

"Malo abata unkawafuniranji?"

Mervin anayang'ana zidole zija. Kenako anafotokoza. Kampani yake inapatsidwa ntchito younikanso makoma akale a chipatala china, pachipinda chimene amawotcheramo khansa. Iye anapeza kuti khoma limodzi n'lopyapyala. Amene analiwerengetsa mu 1992 analemba kuti kuseri kwake kuli mosungira katundu, chikhalirecho ndi chipinda chimene anamwino amapumuliramo ndi kumwera tiyi. Zaka khumi ndi ziwiri. Lipoti linkayenera kupita ku boma Lachisanu.

"Wauza ndani?"

"Mwiniwake, amene analiwerengetsa uja, basi. Lero masana."

Evelina anatseka maso.

"Ndikanatani, anti? Munthu wamkulu ngati uja, ndingomulipota osamuuza kaye? Ndinapita ndekha, ndinawapatsa moni, ndinawaonetsa mapepala. Ndinati mwina angafune kukadzinenera okha. Anandithokoza. Anandigulira khofi."

Analeredwa choncho, ndipo Evelina sakanamudzudzula, poti naye akanatero. Anangofunsa dzina.

"Ndi omwe anandidzudzula za manja aja," anatero Mervin motsitsa mawu. "A Gray."

* * *

Evelina anatuluka n'kuima panja, mpweya wozizira ukumulowa m'mphuno. A Gray. Ndiwo anamuphunzitsa ntchito atangofika kuno mu 1993. Ndiwo analemba kalata imene inamupezetsa malo ku South Bend. Mwamuna wake Lucious atamwalira m'nyengo yozizira, mkuluyo anayendetsa galimoto maola atatu, ndipo m'malo molowa m'nyumba kukalankhula mawu ambiri, anatenga fosholo n'kuchotsa chipale chofewa chonse pakhomo kuti olira apeze podutsa. Evelina ankawatchula m'mapemphero ake Lamlungu lililonse.

Anapempha Mulungu kuti Mervin akhale kuti walakwitsa. Kenako anachita manyazi ndi pempherolo, n'kupita kwa Joan.

Joan ankalankhula ngati akuthamangitsidwa. Anati ndi kulakwa kwake, inde, akudziwa, bwana wake amudya wamoyo, zaka naini akuyenda ndi kabokosi kameneka osachoka nako pamaso, lero wachoka chifukwa cha mkango, mkango weniweniwo, ngati mwana wa sukulu. Belu la woyang'anira mikango linalira seveni koloko, iye anatseka kabokosi n'kupita ndi gulu. Loko? Kiyi anaisiya pomwepo. Anabwerako cha m'ma hafu seveni, anagulitsa makina awiri, n'kutsegula kabokosi kuti aonetse kasitomala.

Evelina anafunsa ngati patebulopo panasintha kanthu. Joan anati palibe. Kenako anati dikirani. Analoza kumapeto kwa tebulo. Panali chopanira nyama, cha anthu ophika, chitagonekedwa bwinobwino pakapepala kopukutira m'manja, kukamwa kwake kutakulungidwa. Joan anati si chake, ndipo sichinalipo seveni isanakwane.

Evelina anawerama osachigwira. Kapepalako kanapindidwa kawiri, mbali yogwira chinthu ili mkati. Umu ndi mmene amagonekera chida chimene chakhudza radiyeshoni, kuti wobwera pambuyo asachigwire kolakwika. Munthu saphunzira zimenezi m'buku. Zimalowa m'manja pakatha zaka zambiri, mpaka manja amazichita okha mutu uli kwina. Mervin, wolandira sesiyamu ndi manja awiri uja, analibe manja oterowo.

Koma pansi pa matenti awiriwo panali anthu makumi asanu amene anali nawo.

"Mukuganiza kuti si mnyamatayo?" anafunsa Joan.

Kumbuyo kwa Evelina munthu wina anali atamutchula dzina, mofatsa, monga mmene ankamutchulira kalekale m'kalasi.

* * *

A Gray anali ataima pafupi ndi chotenthetsera cha gasi, atanyamula makapu awiri a tiyi. Imodzi anapatsa Evelina. Anakumbukira kuti samwa shuga. Anali munthu wamtali, waimvi, amene anagwira ntchito zaka makumi awiri pamalo opangira magetsi a nyukiliya asanayambe za zipatala, ndipo mawu awo ankatuluka limodzilimodzi ngati awayeza kaye.

Anati nkhaniyi yawamvetsa chisoni. Mnyamatayo ndi wanzeru. Mwina anangofuna kukaonetsa mkazi wake, achinyamata amachita zotero. Anati ngati kungafunike kalata yomupepesera, iwo alemba. Evelina anafunsa ngati anaonana naye masana. Anavomera osazengereza. Anati anakambirana za masamu ena akale, ndipo mnyamatayo anasokoneza manambala awiri, koma imeneyo si nkhani ya lero.

Evelina anaganizira lipoti la Lachisanu lija. Lipoti lolembedwa ndi munthu womangidwa chifukwa choba sesiyamu, ndani angaliwerenge?

Anawafunsa kumene anali seveni koloko. Anati anali kumpanda wa mikango, kuyambira belu mpaka kumapeto. Anaima kumanzere, pafupi ndi chikwangwani. Anatchula anthu atatu amene analankhula nawo popita ndi awiri pobwera. Anati waukazi unachedwa kudya, nyama inakhala pansi mphindi zingapo.

"Evelina," anatero, "usadziike pakati pa nkhani imeneyi. Nawenso pasipoti yako ndi ya komweko."

Anazinena mwachifundo, ndipo n'zimene zinamuopsa kwambiri. Evelina anathokoza chifukwa cha tiyi. Anthu atatu aja atawafunsa anavomera kuti anapita ndi a Gray. Awiri aja anavomera kuti anabwera nawo. Za pakati palibe ankadziwa, poti kumpandako nyali anazimitsa kuti nyama zisachite mantha, ndipo maso a aliyense anali pa mkango.

Dixon anamudutsa n'kumuonetsa wotchi. Kunatsala mphindi khumi ndi zisanu ndi zitatu.

* * *

Kanjira kopita kumikango kanali kamdima. Mbali zonse ziwiri kunali mipanda, ndipo kuseri kwake zinthu zinkapuma. Penapake maso awiri obiriwira anayaka n'kuzima. Evelina anakulira ku Zomba koma mkango woyamba anauonera kuno, ku Indiana, ndipo mpaka pano sanazolowere kubuula kwake, kumene kumamveka m'chifuwa kusanafike m'makutu.

Ida, woyang'anira mikango, ankatsuka ndowa papopi. Anali mayi wowuma, wa mawu ochepa, ndipo zinkaoneka kuti anthu sankamusangalatsa kwenikweni. Anati nkhope za alendo sayang'ana. Onse ndi ofanana, amanunkha vinyo. Belu analiza seveni. Nyama anaponya faifi pasiti. Wamphongo unadya. Waukazi unakana.

Evelina anafunsa chifukwa chake.

Ida anathira madzi pansi. Anati waukaziwo sulabadira gulu. Anthu zana ataima pamodzi, kwa iwo ndi khoma chabe. Umayang'ana amene wachoka pagulu. Madzulo amenewo unasiya nyama n'kukaima pakona, khutu tcheru, kuyang'ana kumatenti. Ida anatsatira maso ake. Kutali, pansi pa nyali, munthu mmodzi ankayenda yekha.

"Munamuona nkhope?"

"Ayi. Wamwamuna. Wamtali kapena wamfupi, sindidziwa. Ananyamula mpando."

"Mpando?"

"Woyera, wopinda. Ankayenda nawo pang'onopang'ono, ngati akuwerenga mapazi. Anauika pansi. Atabwerera m'gulu, uwu unadya."

Mkango waukaziwo unali utagona pafupi ndi mpanda, ukuyang'ana Evelina. Tsopano wochoka pagulu anali iyeyo.

Anabwerera mofulumira. Mipando yonse ya phwando inali m'tenti yachiwiri, yozungulira matebulo. Anayendetsa maso kuchokera pabenchi ya zikwama, kudutsa tepi yachikasu. Mpando woyera umodzi unali paokha, patsinde pa mtengo, pamalo opanda tebulo, opanda chotenthetsera, pomwe munthu sangasankhe kukhala. Ndipo panali patakhala munthu amene Evelina ankamudziwa.

* * *

Tusekele anali wa ku Karonga, ankakhala ku Beech Grove, ndipo madzulo ena ankagwira ganyu kukampani yophikira maphwando. Ankakumana ndi Evelina pa misonkhano ya amayi a ku Malawi. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Anavula nsapato, mapazi otupa atawasanjika pakatoni.

"Asisi, mwabwera kudzandimanga inenso? Mundinyamule, ine sindiyenda."

Evelina anagwada pambali pake n'kumufunsa za mpandowo. Tusekele anaseka. Anati shifiti inayamba folo koloko, ndipo pofika seveni miyendo inali itakana. Anthu atapita kumkango, iye analowa kaye kuchimbudzi, pobwera n'kudzigwetsa pabenchi ya zikwama, poti mipando ya m'tenti ndi ya alendo ndipo bwana wake Belinda salola. Pomwe ankafika, bambo wina anali ataima pomwepo, akukonza majekete. Atamuona akukhala, nkhope inasintha.

"Ndinaganiza kuti andishauta. Koma ayi. Anandiyang'ana pamimba, n'kufunsa miyezi. Ndinati seveni. Basi anathamanga kukatenga mpando. Anayambira pabenchi kuwerenga, wani, thu, fili, mpaka sikisi, ngati akuyeza munda. N'kuuika pano. Anandigwira mkono kundidzutsa, mwaulemu zedi, asisi. Azungu ena ali ndi mtima."

"Anati chiyani?"

"Anati, 'Khalani apa, mayi. Pabenchipo musabwererepo, si pabwino kwa mwanayo.' Ine ndinkati akunena za mphepo."

Evelina anafunsa ngati inali nthawi imene mkango unkadya. Tusekele anati inde, ankamva anthu akuombera m'manja kutali. Anafunsa ngati chopanira nyama chinasowa. Tusekele anati Belinda wakhala akuchifuna ola lonse, ndipo akuti achidula pamalipiro a wina.

Pa teni pasiti seveni panalibe amene ankadziwa kuti kachitsulo kasowa. Joan anadziwa patadutsa theka la ola. Munthu mmodzi yekha ndiye akanadziwa kuti pabenchipo pali choti mayi woyembekezera atalikirane nacho. Ndipo ndi munthu wa ntchito imeneyi yekha amene akanachita zimenezi. Masamu ankanena kuti kachitsuloko sikangavulaze mwana, ndipo iye masamuwo ankawadziwa. Koma lamulo loyamba limene amakuphunzitsa, limene umaphunzitsa ena mpaka imvi, ndi lakuti mayi wapakati asakhale pafupi. Mutu unakonza zoipa, manja anachita zimene anazolowera.

"Mungamuzindikire?"

Tusekele anakweza chibwano kuloza kuchotenthetsera. "Si awo aima apowo? A juzi yotuwa. Andibweretseranso tiyi posachedwapa."

Evelina anakhalabe chogwada kwa kanthawi. Tusekele anamuyang'ana, kuseka kukumuthera.

"Asisi, ndanena choipa?"

"Ayi. Mwanena zoona. Musachoke pampandopo."

* * *

Evelina anaitana Dixon, n'kupempha Joan kuti amubwereke kamakina. Anapemphanso kuti Mervin atulutsidwe, aime pomwe angaone. Anthu anayamba kusendera. Kuchipata kunali kusanaoneke nyali za galimoto.

Tusekele anabwereza mawu ake m'Chingerezi, tsopano mosaseka. Ida, amene Dixon anamuitanitsa, anati mpando ndi womwewo, malo ndi omwewo, nthawi ndi teni pasiti. A Gray anamvetsera mutu uli chopendekeka. Anati n'zoona, anathandiza mayi wotopa, ndipo anaiwala kutchula poti ndi nkhani yaing'ono. Anachoka kumpanda mphindi ziwiri kukatenga mpango m'jekete. Kodi kupatsa munthu mpando ndi mlandu?

Dixon anayang'ana Evelina.

Evelina anayatsa kamakinako n'kuima pa tepi, pafupi ndi chikwama chabuluu. Kanalira ngati nyenje. Anaponda phazi loyamba kulowera kumtengo. Kulirako kunachepa. Lachiwiri, tchetchetche. Lachitatu, tchetche. Panalibe wotsokomola. Lachinayi. Lachisanu, tche, tche. Pa lachisanu ndi chimodzi bondo lake linagunda mpando wa Tusekele, ndipo kamakinako kanangotsala ndi kulira kwa apo ndi apo kumene kamalira paliponse padziko, ngakhale m'tchalitchi.

Anthu zana aja anamvetsa nthawi imodzi. Wina anaika tambula pansi.

"M'tenti munali mipando yapafupi ndi moto," anatero Evelina. "Munausiya pano, pozizira, chifukwa apa ndi pomwe radiyeshoni imathera. Munandiphunzitsa ndinu kuyeza choncho."

A Gray ankayang'ana kamakinako.

Evelina sankakonda kulankhula pagulu, ndipo mawu otsatirawo anawanena motsitsa, moti anamva ndi oyandikira okha.

"Mayi mmodzi mwamusuntha mapazi asanu ndi limodzi, ndipo Mulungu waona. Nanga kuseri kwa khoma lija, zaka khumi ndi ziwiri, pakhala amayi angati?"

Mkango unabuulanso, kamodzi, n'kuleka. Nkhope ya mkuluyo inagwa ngati nsalu yochoka pachingwe. Kenako anapisa m'thumba la malaya. Dixon anasuntha dzanja kulowera kumfuti yake, koma chimene chinatuluka chinali cholembera. Anatenga kapepala kopukutira m'manja patebulo, analembapo dzina la chipatala ndi nambala ya chipinda, n'kupatsa Evelina.

"Imbani tsopano," anatero. "Atseke chipindacho lero, asadikire Lachisanu. Mnyamatayo sanasokoneze nambala iliyonse." Anatembenukira kwa Dixon. "Kachitsuloko ndinakaika ndine m'chikwamamo. Lembani."

Dixon anatulutsa kabuku kake. Kuchipata nyali za galimoto ziwiri zinawala, zikuyenda pang'onopang'ono pakati pa mipanda, ndipo m'mbali monse maso a nyama ankayaka n'kuzima.

Mervin anafika pambali pa Evelina. Evelina anamupatsa foni yake n'kumuuza kuti aimbire Upile, amuuze kuti afika mawa, zina akamuuza pamaso. Mnyamatayo anailandira ndi manja awiri.

A Gray anali ataimabe pomwepo, akuyankha mafunso a Dixon, koma miyendo inayamba kuwakana. Anagwira mtengo. Anthu amene anadya nawo zaka makumi atatu anayang'ana kumbali. Evelina anafuna kusuntha, koma mapazi ake analemera, ndipo fosholo ija ndi chikwama chabuluu zinkalimbana mumtima mwake.

Tusekele ndiye anadzuka. Anagwira msana ndi dzanja limodzi, n'kukoka mpando woyera uja ndi linalo, osavala nsapato, mpaka kuufikitsa kumbuyo kwa mkuluyo.

"Khalani, bambo," anatero m'Chichewa.

A Gray sankamva Chichewa, koma anakhala.